Mtengo Wobwera pa Lole

Ndinawauza bambo a Mabel Lachinayi, ndinawauzanso Lachisanu m'mawa ndikusambitsa mwana: galimoto yofiira ya abwana ija musaikhudze. Koma pofika masana a Lachisanu lomwelo, mu Ogasiti wa 2002, boneti inali itayasama pabwalo la nyumba ya abwana ku Al Warqa, kuno ku Dubai, ndipo m'kati mwake munali mitu iwiri: wa amuna anga a Clifford, dalaivala wa panyumbapo, ndi wa Enos, mnyamata wa ku Chipata amene amalondera pa hotela ina ku Muraqqabat koma sayenda wopanda masipanala.

Ine ndinaima pakhomo la kachipinda kathu ka kuseri, Mabel ali kumbuyo, foni ili m'dzanja. Kachipinda kameneko timakhalamo mwachifundo. Wantchito wa m'nyumba kuno sakhala ndi khanda, madamu anangotsinzina diso. Ponyamuka ndi abwana kupita ku Salalah kothawa kutentha, anandisiyira foniyo ndi mawu amodzi: "Selinah, chikavuta undiflashe katatu."

"Abwana anadandaula," anatero a Clifford, mawu akutuluka m'injini. "Anati galimotoyi yakalamba. Ya ku America, ya 1971, masilinda eyiti, koma toki yatha."

"Anati muikonze?" anafunsa Enos.

"Anadandaula."

"Kudandaula namva. Anati muikonze?"

"Anati ndiziiliza mphindi khumi pa sabata. Koma munthu wamkulu sanena zonse, Enos. Amadandaula, wanzeru n'kumva."

"Ine manijala wanga akadandaula kuti kwatentha, sinipita kukazimitsa dzuwa."

"N'chifukwa chake udakali pa geti."

Enos anagwedeza mutu, kuvomera kuti zoonadi adakali pa geti. Kenaka anachotsa chitenje changa pa chingwe choyanikira, n'kuchiyala pansi kuti aziikapo zitsulo.

"Toki si liwiro," anapitiriza a Clifford, akuloza kumwamba ndi sipanala. "Liwiro ndi la anyamata. Toki ndi msana wa galimoto. Ine ndayendetsa minibasi zaka zisanu ndi ziwiri msewu wa Chikwawa. Kuchoka pa Thabwa kukwera mapiri aja ndi anthu twente-faifi, matumba a makala, mbuzi ziwiri."

"Minibasi imalowa anthu sikisitini."

"Yanga imalowa twente-faifi."

"Ndiye sinali minibasi."

"Chotsa sefa ya mpweyayo, usandichedwetse. Munthu sathamanga atatseka mphuno ndi nsalu."

"Kuno mpweya uli na mchenga, ba Clifford."

"Mchenga pang'ono umatsuka m'kati."

"Nichotse?"

"Chotsa!"

Sefa inagona pa chitenje changa.

"Tsopano themositati. Azungu anaiika chifukwa cha chisanu cha kwawo. Kwathu aliyense amachotsa."

"Aliyense ndani?"

"Amakaniko onse a ku Ndirande."

"Onse munawafunsa?"

"Iwe Enos, unabadwa choncho kapena unagwa mumtengo?"

"Ninagwapo kamodzi. Mumtengo wa mango. Koma ninali nitabadwa kale."

A Clifford anapukuta thukuta ndi malaya. Themositati inagona pafupi ndi sefa.

"Bambo a Mabel," ndinatero, "zimene mukuchotsazo mudzadziwa pozibwezera?"

"Mayi a Mabel, ine ndikakhala pa ntchito sindifunsa kuti thewera mwalipinda bwanji. Enos, pititsa tayimingi kutsogolo."

"Madigiri angati?"

"Mpaka ilire ngati yakwiya."

"Kukwiya kulibe nambala."

"Zungulitsa, ndikuuza poima."

"Apa?"

"Pitiriza."

"Apa?"

"Pitiriza."

"Apa ndiye pathera, sichizunguliranso."

"Ndi pomwepo. Ndimafuna pomwepo."

Anthu inu, ine ku sekondale sayansi ndinkakhoza pang'ono, koma sindinamvepo kuti muyeso wabwino ndi pamene chitsulo chakana.

"Chatsala ndi sayilensa," anatero a Clifford. "Imatsamwitsa injini. Dula."

"Kumasula kapena kudula?"

"Ndati dula."

"Ili na mabawuti. Ingamasuke bwinobwino."

"Ndanena kale kuti dula. Ine mawu anga sindibweza."

Enos anatulutsa sowo, n'kukwawira pansi pa galimoto. Sowo itayamba kulira, chala changa chinadina chokha. Foni ya madamu inaitana kamodzi, ndinadula. Ndinadziuza kuti kamodzi si katatu. Kamodzi ndi moni.

"Ba Clifford," mawu a Enos anachokera pansi, "abwana akabwera, muzawauza kuti manja ni anga?"

"Udzaima pambali panga. Akangomva kulira kwake adzati, 'Mashallah, Clifford!' Pamenepo ine ndipemphe mapepala a Mabel, iwe upemphe ntchito ya m'galaji."

"Nizaima. Ine nikakamba, nakamba. Olo kugwe chani, nizaima pambali panu pamaso pa abwana."

"Palibe chimene chigwe. Chikalakwika chinthu pano, ine ndidzayenda wapansi mpaka ku Chikwawa."

"Wapansi?"

"Wapansi!"

Sayilensa inagwa, gwe! Enos anaikoka n'kuigoneka pa chitenje, pa duwa lenileni la pakati.

A Clifford analowa m'galimoto, n'kupotokola kiyi. Mayo ine! Mawindo a khitchini ananjenjemera. Nkhunda zonse za padenga zinasamukira ku Sharjah. Mabel anadzidzimuka n'kuyamba kulira, koma ndinangomumva ndi msana, makutu sanamve kanthu. Atazimitsa, amuna anga anatuluka akumwetulira ngati wobadwitsa mapasa.

"Wamva?"

"Namva phokoso."

"Imeneyo ndiye toki."

"Awe. Ni phokoso. Toki samvera na khutu. Amapima."

"Kwathu timapima pa phiri."

"Phiri lili kuti?"

Onse awiri anayang'ana kunja kwa geti. Mchenga, nyumba zosatha kumanga, mchenga, kathanki ka madzi, mchenga. Chokwera chokha chimene chinalipo chinali mulu wa njerwa wa aneba.

"Pa mlatho wa Garhoud pali kachitunda," anatero a Clifford.

"Pali na apolisi. Galimoto ilibe sayilensa."

"Wadula ndiwe!"

"Mwati nidule."



"Ku famu ya fodya ku Chipata," anatero Enos, "thirakitala tinali kuipima pa chitsa. Ikazula, ili na mphamvu. Ikakanga, ilibe."

"Chitsa? Iyi panopa ikhoza kuzula mtengo uwo wathunthu!"

Sipanala inaloza mtengo wa kanjedza wa pakati pa bwalo. Mtengo umenewo abwana amaupatsa moni m'mawa asanapatse moni anthu. Unachokera ku munda wa malemu bambo awo ku Al Ain. Zipatso zake, zimene timati tende, zinali zitapsa, tsango lililonse atalikulunga m'kaukonde kobiriwira kuti mbalame zisalawe, ndipo abwana anati palibe wothyola mpaka iwo atabwera.

Enos analowa m'galaji, n'kutuluka ndi chingwe chachikasu chimene abwana amakokera magalimoto otitimira mumchenga.

"Ukutani?"

"Mwati ingazule mtengo."

"Ndati ikhoza."

"Ndiye tione."

"Sindikufuna kuuzula."

"Oho. Ndiye siingathe."

"Ingathe!"

"Ndiye tione."

"Iwe, tamvera. Taona kutalika kwake. Mtengo ngati uwu uli ndi zaka makumi atatu. Mizu yake inafika kunyanja. Sungagwe."

"Manje mwati galimoto siingazule."

"Galimoto ingazule. Koma mtengo sungagwe."

"Zonse ziwiri?"

"Zonse ziwiri!"

Enos anayang'ana chingwe, anayang'ana mtengo, ngati munthu amene wapatsidwa samu ya Fomu Folo ali Sitandade Thuu.

"Bambo a Mabel," ndinatero, "mtengowo unabwera pa lole."

"Ati chiyani?"

"Unabwera pa lole, mu Janyuwale. Inu munali mudakali ku nyumba yakale ku Bur Dubai, ine madamu ananditenga kudzakolopa kuno tisanasamuke. Ndinaona ndi maso angawa. Anautsitsa ndi kireni, wamtali chomwechi, n'kuuimika m'dzenje losafika m'chiuno mwanga."

A Clifford anaseka mpaka kugwira boneti.

"Wamva, Enos? Mtengo kukwera lole! Unalipira zingati, unakhala pawindo?"

"Mulamu sanakambe za windo."

"Mayi a Mabel, munthu amayamba waona mtengo wa mthunzi, kenaka n'kumanga nyumba pambali pake. Agogo anga anatero, bambo anga anatero. Palibe amene amamanga nyumba kenaka n'kuitanitsa mtengo ngati kabati."

"Kuno amatero."

"Kuno ndakhalako zaka zinayi!"

"Mukuyang'ana msewu. Ine ndimayang'ana pawindo."

Enos anakweza dzanja ngati ali m'kalasi. "Ngati unabwera pa lole, kupima sikuzakhala kwa chilungamo. Mtengo uzakhala wofooka."

"Sunabwere pa lole."

"Ndiye ni wolimba."

"Ngati mwala."

"Ndiye tipime."

Apa ndi pamene ndinaona kuti amuna anga alowa m'khola lomanga okha. Akanati ayi, ndiye kuti mkazi wanena zoona pamaso pa mlendo. Akanati ayi, ndiye kuti galimoto ilibe toki. Anakoka buluku m'chiuno.

"Manga."

"Pansi kapena pamwamba?"

"Pamwamba. Ndikufuna ndione masamba akugwedera, basi. Akagwedera, toki ilipo, khalas, zatha, timasule."

Enos anatenga makwerero, anakwera, anamanga mfundo ya ku famu. Ine ndinadina kachiwiri. Kawiri si katatu. Kawiri ndi munthu amene chala chaterereka.

Atatsika, Enos anayenda kuchoka pa mtengo kufika pa galimoto, akuwerenga mapazi mokweza.

"Chingwe ni masitepe sikisi."

"Ndiye?"

"Mtengo ni ngati masitepe teni."

"Ndiye?"

"Nakamba chabe manambala."

"Manambala ako ukawerengere alendo ku hotela. Koloweka kumbuyoku."

"Alamu," ndinamuitana Enos, "inu simukuona chimene chichitike?"

"Niona, mulamu."

"Nanga bwanji osanena?"

"Sananifunse."

A Clifford anakhala pa mpando, anakonza galasi, anatulutsa chigongono pawindo monga ankachitira pa siteji ya minibasi. Ndinawayang'ana. Bambo wa mwana wanga, munthu amene anandiperekeza ku Chileka atanyamula chikwama changa pamutu. Kenaka ndinayang'ana chitseko cha kachipinda kathu, ndi kabedi ka Mabel kamene madamu anatipatsa. Ndinadina kachitatu.

"Yalla, tiyeni!" anakuwa a Clifford.

Injini inabangula. Chingwe chinawongoka, n'kuuma ngati ndodo. Matayala sanaterereke n'komwe. Masamba anagwedera monga a Clifford anafunira, ndipo ndinaona mano awo pagalasi. Kenaka thunthu nalo linagwedera. Kenaka mchenga wa patsinde unatukumuka ngati buledi. Mtengo wa malemu unaweramira galimoto pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati ukufuna kufunsa njira.

Phwaa!

Fumbi litachepa, denga la kumbuyo linali litakhala pa mipando. Galasi lonse linali zidutswa. Kumene kunali mtengo kunali kadzenje, ndipo mizu yake yonse inali kamtolo kosaposa dengu la tomato, chiguduli chimene anaukulungira pa lole chidakali pomwepo.

Chitseko chinatseguka. A Clifford anatuluka chokwawa, amoyo, athunthu, tende zitamatirira m'tsitsi ndi m'khosi. Anaimirira, anayang'ana mtengo, anayang'ana Enos.

"Waona toki?"

"Awe."

"Awe chani? Mtengo uli pansi!"

"Unalibe mizu. Onani. Mulamu anakamba zoona, unabwera pa lole. Uwu olo njinga ikanazula. Sitinapime kalikonse."

"Sitinapime?"

"Tiyese uja wa ku geti. Kapena nawonso unabwera pa lole, mulamu?"

"Lole yomweyo," ndinatero.

"Ndiye pano palibe popimira," anatero Enos mokhumudwa, n'kuyamba kumasula mfundo yake.

A Clifford anazungulira galimoto kawiri. Anagwira denga, anayesa kulikankha ndi phewa.

"Izi n'zowongola. Ku Ndirande izi ndi za tsiku limodzi. Mtengowu tiuimike, tithire mchenga, tithirire. Abwana abwera pakatha masabata awiri."

"Tiuimike na chani?"

"Ndi galimoto. Tiukokere mbali inayo."

"Galimoto ili pansi pa mtengo."

"Ndikuona kuti ili pansi pa mtengo!"

"Nayesa simunaone. Mtengo uja simunauone ukubwera."

Pamenepo foni inalira m'dzanja langa. Tonse tinauma. Ngakhale Mabel anasiya kulira.

Anali madamu. Anafunsa ngati mwana ali bwino, ndinati ali bwino. Anafunsa ngati nyumba yapsa, ndinati sinapse. Anafunsa kuti nanga n'chiyani. Ndinawauza, kuyambira pa sefa mpaka pa chiguduli. Kenaka ndinamva mawu a abwana chapatali, akutchula dzina la Mulungu ndi la bambo awo mosinthanasinthana. Madamu anabwereranso pa foni, nati: "Tikunyamuka pompano. Tifika dzuwa likamatuluka. Iwe ndi Mabel musasunthe, mulibe mlandu. Amuna awiriwo abwana awapeze pomwepo."

Ndinafotokoza monga ndinamvera. Mzikiti wa kuseri unali utayamba kuitana pemphero la madzulo.

"Adziwa bwanji?" ananong'ona a Clifford. "Ku Salalah n'kutali. Adziwa bwanji?"

"Mwina amva toki," ndinatero.

Anakhala pansi pa thunthu la mtengo. Enos anaima patsogolo pawo, akukulunga chingwe pa chigongono.

"Ba Clifford, nsapato zolimba muli nazo?"

"Za chiyani?"

"Za ulendo. Mwati chikalakwika muzayenda wapansi mpaka ku Chikwawa. Chalakwika."

"Enos, ndisiye."

"Muyambe kukali kozizira. Mupite cha ku Abu Dhabi, mukhote kumanzere. Pa nyanja sinidziwa muzachita bwanji. Na pasipoti yanu ili mu dirowa ya abwana, koma za pasipoti simunakambe, mwakamba chabe za mapazi."

"Ndinangonena!"

"Mwati?"

"Ndinangonena, iwe! Munthu amangonena! Ukuganiza kuti chilichonse chotuluka pakamwa chiyenera kuchitika? Ndinati mtengo, iwe chingwe! Ndinati dula, iwe sowo! Ukanakhala munthu ukanadziwa kuti pena munthu amangolankhula kuti pakamwa pasanunkhe!"

Zaka zitatu za ukwati, aka kanali koyamba kumva amuna anga akubweza mawu. Ndinafuna kulemba tsikulo pa khoma.

Enos anasiya kukulunga chingwe. Nkhope yake inasintha ngati ya munthu amene waona nyanja koyamba.

"Munthu angakambe chinthu, osachita?"

"Tsiku lililonse!"

"Olo analumbira?"

"Makamaka akalumbira!"

"Ndipo palibe mlandu?"

"Mlandu wa chiyani? Dziko lonse limayenda choncho!"

Enos anagwada pa chitenje changa, anatola masipanala ake limodzilimodzi, anapukuta sowo, anaika zonse m'chikwama. Sefa, themositati ndi sayilensa anazisiya pomwepo, mwadongosolo, monga anazichotsera.

"Ukupita kuti?" anafunsa a Clifford.

"Kukatenga zovala. Nili na msuweni ku Fujairah. Takisi yoyamba imanyamuka kukalibe kucha, nizakhalamo."

"Nanga ku hotela?"

"Nizawauza kuti nadwala."

"Koma sukudwala!"

"Shukran, zikomo mulamu, pa chitenje. Mabel, tsala bwino."

A Clifford anadzuka, tende zikugwa m'malaya, n'kumuthamangira mpaka pa geti.

"Enos! Unati udzaima pambali panga pamaso pa abwana! Unati olo kugwe chani! Chagwa ndi ichi, ukuchiona! Unanena ndi pakamwa pako!"

Enos anatsegula geti, anatuluka, analitseka bwinobwino, n'kusuzumira pakati pa zitsulo.

"Ninangokamba chabe, ba Clifford."